Chilango cha kwa NyaLongwe

Kodi inu amene munadutsa m'sukulu, mukumukumbukira munthu amene anayamba kuzindikira kuti mtima wanu sunali m'malo? Musafulumire kutchula mphunzitsi. Mphunzitsi amaona dzanja lokwezedwa ndi inki yotayikira pakope, koma mwana amene wangoti ndwii pabenchi lakumbuyo amamuyesa wamakhalidwe abwino, nthawi zina mpaka kumuyamikira. Pa sukulu ina ya mishoni yomwe ili pamtunda, moyang'anizana ndi doko la Nkhata Bay, munthu wozindikirayo anali mayi wosenda chinangwa, Phoebe NyaLongwe. Zinatengera mnyamata wa ku yunivesite ndi sutukesi yodzaza mapepala kuti akuluakulu a pasukulupo adziwe chimene chinkachitika kuseri kwa khitchini yawo.

NyaLongwe anabadwira ku Chikale m'banja la asodzi, ndipo sukulu anailekera m'kalasi yachiwiri atangodziwa kuwerenga nyimbo za m'tchalitchi. Anakwatiwa ndi Simon, mmisiri wa matabwa, amene anakwera sitima kunka ku Joni mwana wawo woyamba ali kumsana, nalonjeza kuti abwera pakatha zaka ziwiri. Zaka ziwirizo zinabala zinzake mpaka zinakwana khumi ndi chimodzi. Tsiku limene Simon anatsika padoko, chipewa chili pambali, mano awiri atatsala kumigodi, anthu anaima kuti aone ngati mkaziyo alire kapena atukwane. Iye anangomuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, nati, "Mwachedwa, Ada. Ndiwo zazizira." Mawu amenewa amanenedwabe pamsika mpaka lero, makamaka kwa amuna obwera kunyumba mochedwa.

M'chaka cha 1949 analembedwa ntchito yokonza chakudya cha atsikana ogonera pasukulu. Amene sanakonzepo kondowole wa anthu makumi asanu sadziwa kuti ntchitoyi ilibe Loweruka. Chinangwa chimafunika kusendedwa, kuviikidwa m'mbiya zikuluzikulu masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kuyanikidwa pathandala, ndi kusinjidwa; ndipo pamene mtanga umodzi ukuuma, wina umakhala ukudikira mpeni.

Mphunzitsi wamkulu, a Reuben Kamanga, anali munthu wolungama, wosunga nthawi ngati belu la tchalitchi. Sankakwapula atsikana, ngakhale kuti chikoti chinkapachikidwa pakhoma la ofesi yawo kuti chizikumbutsa. Mtsikana akachedwa, akagona m'kalasi kapena akayankha mwamwano, chilango chinali chimodzi: "Kwa NyaLongwe, ukasende!" Dzina lake linkalembedwa m'buku la zilango, ndipo a Kamanga ankanyadira kuti chilangochi chinali champhamvu, poti ochita nacho ankabwerako atawongoka.

Chimene a Kamanga sankadziwa ndi ichi. Mwana akafika pansi pa mtengo wa mango, NyaLongwe sankamufunsa kuti walakwa chiyani. Ankamupatsa mpeni, namukhazika pambali pake, osati pamaso pake, onse awiri nkhope zili kumtanga. Kenaka ankayamba kudandaula za iye mwini: za bondo lake, za mbuzi ya aneba yomwe inali ndi mtima wa Farao, za Simon amene anabwera ku Joni ndi luso lokonza mipando ya anthu onse kupatula ya m'nyumba mwake. Mwana ankaseka, ndipo pakati pa kusekako china chinkatuluka chokha. Wina amayi ake anali kudwala kumudzi. Wina ankanenedwa chifukwa cha diresi lachigamba. Wina ankaopa kuti mutu wake sugwira Chingerezi. NyaLongwe ankayang'ananso makoko. Ankati mwana wa kunyanja kuno amasenda mopyapyala ngati pepala, ndipo makoko akayamba kutuluka onenepa, kapena mpeni ukamayenda mothamanga ngati ukuthawa, ndiye kuti m'kati muli nkhani. Atsikana ena anafika pomachedwa dala ku mapemphero a m'mawa kuti awatumize kumeneko.

M'chaka cha 1957 kunabwera Cyrus Mhone, mnyamata wa ku Chintheche amene ankaphunzira pa yunivesite ina kunja kwa Nyasaland. Aphunzitsi ake anamutuma pa kafukufuku wofuna kudziwa chifukwa chimene ana a m'sukulu zogonera amathawira, amadwalira mutu popanda malungo, ndiponso amalepherera mayeso pamene nzeru ali nazo. Linali funso labwino, ndipo anthu amene analifunsa ayenera kulemekezedwa, pakuti ambiri a ife tinkangoti mwana wotero ndi waulesi. Cyrus anabwera ndi mafunso makumi atatu osindikizidwa bwino, tayi pakhosi, ndi chikhulupiriro chakuti choona chimatuluka munthu akafunsidwa mwadongosolo.

A Kamanga, pofuna kulemekeza mlendo wophunzira, anamupatsa ofesi yawo. Atsikana ankalowa mmodzimmodzi nagwada pakhomo. Cyrus, poganiza kuti akuwachitira ulemu, ankawauza kuti adzuke akhale pampando woyang'anizana naye, pansi penipeni pa chikoti chija.

"Kodi pali chokudetsani nkhawa?"

"Palibe, Ada."

"Kodi mumagona bwino?"

"Kwambiri, Ada."

Atsikana makumi asanu ndi asanu ndi atatu anayankha chimodzimodzi, ndipo pofika Lachitatu Cyrus anali atayamba kulemba kuti pasukuluyi panalibe mwana wovutika mumtima. Mmodzi yekha ndiye anasokoneza mzere wake. Dolly Nkhwazi, wa Sitandade 6, wochokera ku Usisya, sanayankhe funso ndi limodzi lomwe. Anangoyang'ana pansi mpaka anauzidwa kuti atuluke.

Dolly anali katswiri wa masamu pasukulu yonse, koma kuyambira nyengo ya Pasaka anasiya kulankhula. Choipitsitsa, katatu konse, sitima itangoliza lipenga lake polowa padoko, anadzambatuka m'kalasi osapempha, nathamangira kumunsi, nabwerako madzulo maso ali psuu. A Kamanga anaona tanthauzo limodzi lokha: mtsikanayo ali ndi mwamuna pakati pa ogwira ntchito m'sitima. Kawiri anamutumiza kwa NyaLongwe, ndipo kawiri konseko anasenda mtanga wathunthu osatsegula pakamwa. Kachitatu a Kamanga anagamula kuti sitima ya Loweruka imutenge kubwerera kwawo. Mayeso a Sitandade 6 anali atatsala masabata asanu ndi limodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti mtsikana wochotsedwa sukulu ndi mbiri yotere sabwereranso m'kalasi. Amalume ake anali atayamba kale kumvetsera anthu ofunsira mbeta.

Lachinayi m'mawa NyaLongwe anamupeza Cyrus pakhonde akusanja mapepala ake.

"Ada Yunivesite," anatero mayiyo, "ndamva kuti ana athu onse ndi okondwa. Yewo, mwatichiritsira sukulu m'masiku atatu."

"Ndi zimene anena okha, Ama. Ine ndangolemba."

"Munawafunsira kuti?"

"Mu ofesi."

"Pansi pa chikoti?"

Cyrus anadziteteza monga amachitira anthu ophunzira. Anafotokoza kuti mafunsowo anakonzedwa ndi akadaulo, kuti mwana aliyense anafunsidwa mofanana, ndipo kuti kafukufuku sayendera zongomva.

"Inu munakulira ku Chintheche," anatero NyaLongwe. "Abambo anu atakukhazikani pampando, nakuyang'anani m'maso, nati, 'Cyrus, uli ndi nkhawa?' mukanati chiyani?"

"Ndikanati palibe."

"Nanga ana a eni ake mukuti anabadwa mosiyana ndi inu? Bwerani masana ano kumango. Tayiyo muisiye, ingakodwe mumtanga."

Masanawo atsikana asanu ndi mmodzi a chilango, pamodzi ndi Dolly, anaona chinthu chimene sichinaonekepo pa boma la Nkhata Bay: mwamuna wa ku yunivesite atakhala pamphasa, miyendo ili tambalale, mpeni uli m'manja. NyaLongwe anamukhazika pambali pa Dolly, namusankhira chinangwa chachikulu kuposa zonse. Cyrus anachigwira ngati akusongola pensulo. Khoko loyamba linachoka ndi theka la chinangwacho.

"Ada, kodi ku yunivesite amadya makoko n'kutaya chinangwa?" anafunsa NyaLongwe. Atsikana anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

Cyrus anatenga chachiwiri, nachisema mpaka chinatsala ngati chala. Anatenga chachitatu. Dolly, amene ankasenda mwakachetechete, anayamba kuyang'ana cham'mbali. Mpeni wake unaima. Pamene mnyamatayo anatambasula dzanja kuti atenge chachinayi, mawu amene sanamveke kuyambira Pasaka anatuluka okha.

"Ada, mukuononga! Choyamba muzing'amba mzere kutsika, kenaka mulowetse nsonga pansi pa khoko, lizichoka lokha. Taonani."

Palibe anakuwa kapena kuomba m'manja. NyaLongwe anaponya diso limodzi kwa atsikana enawo, ndipo onse anaweramira mipeni yawo ngati palibe chachitika. Cyrus anayesa monga anauzidwira, ndipo khoko linachoka lathunthu.

"Anakuphunzitsani ndani kusenda chonchi?" anafunsa, maso ali pachinangwa, pakuti tsopano sakanatha kuyang'ana kwina popanda kudzicheka.

"Amayi. Koma mpeni wanga wakumudzi anandisulira ndi abambo, asanapite."

Apa NyaLongwe analowererapo, ngati munthu wongokumbukira zake. "Ine a Simon atapita, lipenga la sitima linkandichotsa pamtondo ufa uli pakati. Tsiku lina ndinathamanga ndi musi m'manja mpaka padoko, anthu n'kumayesa ndikukamenya kapitawo wa sitima."

Atsikana anaseka, ndipo Dolly naye anaseka, koma kuseka kwake kunatembenuka panjira. Analira kwa nthawi, mpeni uli pamwendo, wina aliyense akupitiriza kusenda. Kenaka anafotokoza. Abambo ake, a Anock, anapita ku Salisbury iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pa Pasaka analemba kalata kuti abwera pa sitima mvula isanagwe, ndipo adzatsikira pa Nkhata Bay kuti amuone mwana wawo asanapitirire ku Usisya. Chiyambire pamenepo sipanabwerenso kalata. Dolly ankaopa kuti akatsika osamupeza padoko, adzayesa kuti mwana wawo wawaiwala. Ankaopanso china, kuti mwina iye mwini sadzawazindikira nkhope. Kunena zimenezi kwa a Kamanga sakanatha, chifukwa mwana sauza akulu kuti abambo ake mwina asanduka mtchona, munthu wopita kuntchito osabwerera.

"Anga ali ku Joni, chaka chachisanu chino," anatero mtsikana wina mosayang'ana munthu.

"Anga ku Kitwe. Amatumiza bulangete, koma kalata ayi."

Pofika nthawi ya belu, Cyrus anali atamva zambiri kuposa zimene mafunso ake makumi atatu anatola m'masiku atatu, ndipo analibe pepala ndi limodzi lomwe m'manja. Anafunsa NyaLongwe ngati ankadziwa kale za Dolly.

"Ndinkaganizira, poti inenso ndinathamangapo. Koma nkhani ya mwana ndi yake, sungamutulutsire ngati jekete m'sutukesi. Chimene ndinkadziwa bwino n'chakuti mwana uja sapirira kuona chinangwa chikuonongeka."

"Ndiye munandiitanira kuti ndidzaononge?"

"Aliyense ali ndi mphatso yake, Ada."

Lachisanu m'mawa, Dolly atavomera kuti nkhani yake inenedwe, NyaLongwe ndi Cyrus analowa mu ofesi ya a Kamanga. Cyrus anapempha buku la zilango pamodzi ndi la mayeso, naonetsa kuti pafupifupi mtsikana aliyense amene anatumizidwa kosenda anakwera m'mayeso a mwezi wotsatira.

"Ndi zimene ndakhala ndikunena!" anatero a Kamanga mokondwa. "Chilango chimawongola. Mukalembe zimenezo ku yunivesite kwanuko."

"Ahedi, ngati chili chilango, n'chifukwa chiyani Lily Mphande wachedwa ku mapemphero kasanu ndi kawiri, chikhalirecho amagona pafupi ndi belu?" anafunsa Cyrus.

 Cyrus anapitiriza, ndipo poti anali mnyamata wokonda mtsutso, anayamba kutchula mabuku ndi mayina a akadaulo mpaka NyaLongwe anamugwira mkono.

"Ahedi," anatero mayiyo atagwada pafupi ndi khomo, "ine sindidziwa mabuku. Mwana uja padoko safuna mwamuna, afuna abambo ake. Inu munakhala ku Bulawayo zaka zinayi. Mwana wanu Weston ankagona kuti tsiku la sitima?"

A Kamanga anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna. Mzinda wonse unkadziwa kuti Weston ali wamng'ono ankapezeka padoko atakhala pa chitsulo chomangirira zingwe, ndipo amayi ake ankachita kukamunyamula.

"Koma lamulo ndi lamulo, NyaLongwe. Sindingalole kuti mwana aliyense azituluka m'kalasi lipenga likalira."

"Ndiye asatuluke yekha. Ndizipita nawo ine, pamzere, inu mutawerenga mitu popita ndi pobwera."

Anakambirana mpaka belu lachiwiri. A Kamanga anakana kawiri, navomera kachitatu, koma anaika malire awoawo kuti ulamuliro usaoneke ngati wagonja: ola limodzi lokha, yunifolomu yochapa, ndipo wopita kudoko aziyamba wamaliza masamu a tsikulo. Cyrus anawonjezapo ganizo lake, lomwe linali labwino ndithu: kuti Lachisanu lililonse masana ana azilemba makalata kwa abambo awo ali kutali, aphunzitsi akuwathandiza maadiresi. Dzina la Dolly linafufutidwa pa kalata yomuchotsa sukulu.

Loweruka lipenga litalira, anthu a pamsika anaona NyaLongwe akutsika phiri, duku lake la kutchalitchi lili kumutu, kumbuyo kwake atsikana makumi awiri ndi atatu ali pamzere, ndipo kumapeto kwenikweni Cyrus atamanga kansanza pachala chimene anadzicheka. Amayi ogulitsa usipa anafunsa ngati kuli ukwati. Sitima imene inayenera kumutenga Dolly kupita kwawo inamupeza ataima padoko pakati pa anzake, akuwerenga otsika mokweza mawu ngati samu. A Anock sanatsike. Mtsikanayo anapuma mozama, ndipo mnzake wa abambo a ku Kitwe anamugwira dzanja nati, "Anganso ayi. Tiyeni, tidzabweranso." Pokwera phiri ankaimba, ndipo a Kamanga, ataima pachipata ndi wotchi m'manja, anawerenga mitu makumi awiri ndi itatu, napeza kuti kwatsala mphindi zinayi.

Yankho la kalata ya Dolly linafika masabata atatu mayeso asanayambe. A Anock anali atasintha ntchito ndi malo okhala, moti kalatayo inachita kuwalondola, ndipo manyazi a lonjezo losakwaniritsidwa ndi amene anawagwira dzanja kuti asalembe. M'kalatamo munali chithunzi chawo, ataima pafupi ndi njinga yomwe mwina sinali yawo. Dolly anachiyang'ana nati, "Ndikanawazindikira. Makutu ndi anga omwewa." Analemba mayeso, ndipo zotsatira zitabwera anali woyamba pasukulupo, napatsidwa malo ku sekondale. Tsiku limenelo NyaLongwe anavina kuseri kwa khitchini mpaka bondo lake lotchuka lija linaiwala kuti limapweteka, ndipo a Kamanga, poyesa kuti palibe akuwaona, anagwedeza phewa kawiri.

Cyrus anang'amba lipoti lake loyamba nalemba lina. Pa tsamba loyamba anaikapo dzina la Phoebe NyaLongwe, ndipo atamuwerengera, mayiyo anafunsa ngati dzinalo lidzamuthandiza kusinja. Aphunzitsi ake a ku yunivesite analandira lipotilo mokondwa, ndipo chaka chotsatira anatumiza ophunzira ena awiri ndi malangizo akuti asafunsire ana mu ofesi. Pa ndandanda ya maphunziro ya sukuluyo, pakati pa masamu ndi kuimba, tsopano pali ola lolembedwa kuti "Ntchito za Manja," lomwe mtsikana aliyense angapiteko popanda kuyamba walakwa. Lily Mphande sanachedwenso ku mapemphero.

Alipo amene adzanena kuti nkhaniyi ikuonetsa kuti maphunziro apamwamba ndi achabe, ndipo kuti mayi wa mpeni aposa mnyamata wa mabuku. Amenewo sanamvetse. NyaLongwe anagwira ntchito yake zaka zisanu ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo inkalembedwa m'buku ngati chilango; pakanapanda munthu wodziwa kufunsa ndi kuwerenga buku lija, Dolly akanakwera sitima ya Loweruka. Alipo enanso, ndipo awa ndi ochuluka pakati pa ife ophunzira, amene adzanena kuti zoterezi zimafuna akadaulo ochokera kutali ndi nyumba yapadera. Amenewo akumbukire atsikana makumi asanu ndi asanu ndi atatu amene anati "Palibe, Ada." Funso linachokera ku yunivesite, ndipo linali loyenera, koma malo oyankhira anali pamphasa, pansi pa mango. Dziko lathu latumiza amuna ake ambiri kumigodi ndi kumafamu a eni, ndipo ana awo ali m'makalasi athu, akumvetsera lipenga pamene ife tikuwaphunzitsa mitsinje ya ku Ulaya. Sitingawabwezere abambo awo sabata ino, koma tingaleke kuyesa kuti kukhala chete kwawo ndi ulemu.

NyaLongwe akadalipo kuseri kwa khitchini ija, ndipo mukamufunsa za nzeru zake adzakuuzani kuti iye amangofuna manja osenda. Tsono pempho ndi ili kwa inu aphunzitsi, akuluakulu a mipingo ndi makomiti a sukulu: sabata ino pitani kuseri kwa sukulu yanu, mukafunse wophika, wochapa kapena wolima m'dimba kuti ndi mwana uti amene wasiya kulankhula. Mukamudziwa mwanayo, musamuitanire mu ofesi. Tengani ntchito ya manja, mukhale pambali pake, ndipo mudikire.